Chitsulo cha Panhard pa Nissan 1400 ya matayala otakata: zimene ndaona pa miyezi 6

Nissan 1400, galimoto yaing'ono yonyamula katundu imene ankapanga ku Rosslyn pafupi ndi Pretoria mpaka mu 2008, sanaipangire matayala otakata. Kumbuyo kwake kuli ekiselo yathunthu yomangidwa pa masipuling'i a zitsulo zosanjikizana, ndipo masipuling'i omwewo ndi amene amasenza katundu, amagwira ekiselo kuti isathawire kutsogolo kapena kumbuyo, komanso amailetsa kusunthira cham'mbali. Ntchito yachitatuyi amaigwira mofooka, koma matayala akakhala opyapyala palibe amene amazindikira chifukwa mpata wa m'madigadi umakhala waukulu. Nditaika marimu a mainchesi 15 ndi matayala otakata a saizi ya 195/50, mpata uja unatsala wongolowa chala, ndipo pokhota mothamanga bodi inkakankhidwira kunja kwa kona mpaka tayala kuyamba kukhula chitsulo cha madigadi.

Ndinayamba ndachotsa mabushi a labala n'kuikamo a polyurethane, pulasitiki yolimba kuposa labala, ndipo aliyense amene ali ndi vutoli ayenera kuyambira pamenepo asanagule china chilichonse. Kukhulako kunachepa koma sikunathe, popeza sipuling'i yeniyeniyo ndi mashako ake, tizitsulo tolumikiza sipuling'i ku chasisi, zimapindikabe mphamvu ikachuluka. Apa m'pamene ndinagula chitsulo cha Panhard, chimene chimaletsa ekiselo kusunthira cham'mbali, chotheka kutalikitsa ndi kufupikitsa pochizungulitsa, ndipo anandimangira ndi makaniko wa pa galaja ina kummwera kwa Johannesburg.

Chitsulochi chinatenga dzina la kampani ya ku France imene inachiyambitsa, ndipo kapangidwe kake n'kosavuta: mutu wina umamangidwa ku chasisi, wina ku ekiselo kumbali inayo, moti chimagona chopingasa kuseri kwa difu. Chovuta chake n'chakuti ekiselo ikamakwera ndi kutsika, mutu wa chitsulocho suyenda mowongoka koma mokhota, ndipo umakokera ekiselo cham'mbali pang'ono. Chitsulo cha masentimita 80 chimasuntha ekiselo pafupifupi mamilimita 3.5 ikakwera ndi masentimita 7.5, pamene cha masentimita 40 chimaisuntha mamilimita 7. Pa galimoto ya masipuling'i ozungulira zimenezi sizisautsa kwenikweni, koma pa masipuling'i osanjikizana chitsulo chachifupi chimalimbana ndi masipuling'iwo, ndipo chimene chimagonja ndi bulaketi kapena mabushi. N'chifukwa chake ndinasankha chachitali kwambiri chimene chikanakwana, ndipo makaniko uja anachita bwino pochimanga galimoto itaponda pansi ndi matayala ake, ine ndili pa chiwongolero, kuti chigone mosapendekeka pa msinkhu umene galimotoyo imayendera tsiku ndi tsiku. Ena amachimanga galimoto ili pa jeke ekiselo ikulendewera, kenako amadabwa kuti tayala limodzi latuluka kuposa linzake.

Chitsulo chenichenicho ndilibe nacho dandaulo, chifukwa paipi yake ndi yochindikala ndipo manati ake sanamasukepo. Bulaketi yaku chasisi imene inabwera m'bokosimo ndi imene inandikhumudwitsa, popeza inali yopyapyala ndiponso yaitali, pamene mphamvu yonse ya pa kona imathera pomwepo. Tinaiwotcherera chitsulo chochirikiza chopendekera ku mbali ina ya chasisi, ndipo paipi ya ekizozi inafunika kuipinda kuti idutse, ndalama imene wogulitsa sanaitchule n'komwe. Mitu yake ndi ya mpira wachitsulo wopanda labala, choncho phokoso la difu ndi la msewu limamveka bwinobwino m'kati, ndipo nyengo ya mvula itapita mutu umodzi unayamba kugogoda.

Pamsewu kusintha kwake sikuchita kufunsa. Matayala sanakhulenso, ndipo kumbuyo kunaleka kuchedwa kutsatira kutsogolo ndikakhotetsa chiwongolero. Ndikasenza katundu wolemera nkhani imasintha, chifukwa bodi ikatsika chitsulo chija chimapendekeka, ekiselo n'kukokedwera mbali imodzi, ndipo galimoto imauma pa mabampu. Njira ina yogwirira ekiselo ndi zitsulo ziwiri, yotchedwa Watt's link, yochokera pa luso la James Watt la mu 1784, ilibe vuto limeneli popeza imayendetsa ekiselo mowongoka, koma ndi yodula ndipo imafuna malo ambiri kuseri kwa difu kuposa amene ndinali nawo.

Kwa munthu amene 1400 yake ndi yoyendera yekha ndipo waika matayala otakata, chitsulochi n'choyenera kugula, bola akonzeretu ndalama yolimbitsira bulaketi ndiponso asankhe cha mutu umodzi wa polyurethane. Amene galimoto yake imadyera kunyamula simenti ndi njerwa angachite bwino kusintha mabushi okha n'kubwerera ku matayala opyapyala.