rsync ndi yabwino, koma -a si ya foda yogawana

Pa situdiyo yathu ku Limbe timajambula zithunzi za maukwati, timakonza makadi a chinkhoswe ndi mapologalamu a maliro. Pansi pa tebulo pali kompyuta yakale ya Ubuntu yomwe timaitcha seva, ndipo mmenemo muli foda imodzi, /srv/ntchito, momwe tonse timaponyamo ntchito. Zithunzi ndimazipititsa kumeneko ndi rsync, pologalamu ya pakompyuta yokopera mafayilo yomwe mumailamula polemba malamulo. Ndimaikonda, ndipo aliyense amene wandifunsa ndimamuuza kuti aigwiritse ntchito, koma ndimamuchenjezanso za chilembo chimodzi.

Ndiyambe ndi zabwino zake. Ndi yaulere, ndipo ndi yakale: Andrew Tridgell ndi Paul Mackerras anaitulutsa mu 1996. Tridgell yemweyo ndi amene anayambitsanso Samba, yomwe imachititsa kuti makompyuta a Windows aziona foda ya pa seva. Chomwe chimandigwira mtima ndi chakuti rsync sibwereza ntchito. Magetsi akazima mukukopera zithunzi za ukwati wonse, akayaka mumangolemba lamulo lomwelo, iyo imadumpha zomwe zinafika kale n'kupitiriza ndi zotsala. Mukaika -P, ngakhale mutaiimitsa ili pakati pa vidiyo yaikulu, gawo lomwe linafika kale siitaya. Palinso -n, yomwe imakuonetsani zomwe ikanachita popanda kukhudza chilichonse. Ine sindikopera kanthu ku foda ya tonse ndisanaone kaye ndi -n.

Nkhani ili pa -a. Mukasaka pa intaneti, pafupifupi chitsanzo chilichonse chimayamba ndi rsync -av, ndiye anthu amangotengera. Koma -a ndi mtolo wa zilembo zingapo, -rlptgoD, ndipo ziwiri mwa izo ndi zoopsa mu foda yogawana. Chilembo g chimanena kuti fayilo ipite ndi gulu lake la komwe yachokera. Chilembo p chimanena kuti ipitenso ndi zilolezo zake, zonena amene angaiwerenge kapena kuisintha, momwe zilili. Posunga bakapu, zimenezi ndi zomwe mumafuna, chifukwa tsiku lobwezeretsa zinthu zonse ziyenera kukhala monga zinalili. Mu foda yogawana mumafuna zosiyana: fayilo ikalowa itsatire malamulo a pakhomopo, monga mkamwini amachitira akafika kuchikamwini.

Foda yathu tinaikonza chonchi. Tonse tili mu gulu lotchedwa situdiyo, ndipo fodayo tinaipatsa zilolezo ndi lamulo la chmod 2775. Nambala 2 yoyambirirayo ndi setgid, yomwe imachititsa kuti chilichonse chatsopano chobadwira mmenemo chitenge gulu la fodayo, osati la munthu amene wachiika. Mukalemba ls -l mumaona drwxrwsr-x, ndipo kachilembo s kameneko ndi komwe kamagwira ntchito yonse.

Tsono taonani zomwe -a imachita. Mnzathu wojambula akakopera ndi -a, fayilo imafika ili -rw-r--r-- (644, kutanthauza kuti mwini yekha ndiye angaisinthe), mwini ndi iyeyo, gulunso ndi la dzina lake, chifukwa pa Ubuntu munthu aliyense amakhala ndi gulu la iye yekha. Mtsikana wokonza zithunzi amatha kuitsegula, koma akati asunge zomwe wakonza imamukanira: Permission denied. Kasitomala ali pabenchi akudikira chithunzi cha malemu choti aike pa pologalamu, maliro ndi mawa, wojambula wapita ku Chirimba kukajambula ndipo foni sakuyankha. Izi zimandipweteka kwambiri, chifukwa wovutika ndi munthu amene sakudziwa n'komwe kuti kuli chinthu chotchedwa gulu.

Choipitsitsa n'chakuti mafoda atsopano obwera ndi -a amafika ali 755 (mwini yekha ndiye angaikemo zinthu), opanda s uja. Zonse zomwe anthu adzaike mmenemo pambuyo pake sizitenganso gulu la situdiyo. Ndipo ngati wokoperayo ndi mwini wa foda yaikulu, n'kulemba zithunzi/ ndi kamzere kumapeto, rsync imatha kusintha zilolezo za foda yaikuluyo, s n'kuchoka. Imachita mwakachetechete, chifukwa kwa iyo yachita zomwe munaituma.

Lamulo lomwe ndinamata pakhoma pamwamba pa kompyuta ndi ili:

rsync -rtvO --chmod=ugo=rwX zithunzi/ /srv/ntchito/

Mulibe p, mulibe g. Gulu limachokera ku setgid ya foda. Zilolezo zimatsegulidwa ndi --chmod kenako umask, nambala yomwe imachotsa zilolezo zina pa mafayilo atsopano, n'kudula zosafunika, choncho onani kuti umask yanu ndi 002, yomwe imapereka 664 pa mafayilo ndi 775 pa mafoda, kuti a m'gulu nawonso azitha kusintha. Ikakhala 022, anzanu azingowerenga basi. O wamkuluyo amauza rsync kuti isalimbane ndi nthawi ya mafoda. Mukapanda kumuika, ikakumana ndi foda ya mnzanu imadandaula kuti failed to set times n'kumaliza ndi code 23, anthu n'kumaganiza kuti zithunzi sizinafike pomwe zafika.

Njira yomweyi, yolembedwa ngati --no-p, --no-g ndi --chmod=ugo=rwX, ilimo ndithu mu man rsync, buku lake la malangizo, koma inabisala mkati mwa tsamba lalitali kwambiri, pansi pa --perms. Apa ndi pomwe ndimaichotsera malikisi. Munthu amene akungofuna kuponya zithunzi mu foda ya kuntchito sangafike pamenepo. Chothandiza ndi -i: imalemba kamzere patsogolo pa fayilo iliyonse, ndipo mukaonamo p kapena g, dziwani kuti ikufuna kusintha zilolezo kapena gulu.

China choti mudziwe: rsync ikamasintha fayilo yomwe ilipo kale, imalemba kaye ina yongoyembekezera kenako n'kuiika pamalo pa yakaleyo. Ndiye mwini amasanduka inuyo. Ngati gulu ndi 664 zili bwino palibe amene amavutika, koma musadabwe kuona dzina lanu pa fayilo ya mnzanu.

Ena amati bwanji osangogwiritsa cp (lamulo lokopera) kapena mv (lamulo losuntha). cp yopanda -p imalemekeza setgid, koma fayilo ya 644 imafikabe ili 644. mv ndiye musaiyandikire: pa disiki imodzi imangosuntha dzina, fayilo imakhala yomweyo ndi gulu lake lakale, setgid siikhudza n'komwe. Kukoka foda ndi mbewa kuchokera ku Home pa disiki yomweyo kumachitanso chimodzimodzi.

Zomwe zinalowa kale molakwika zimakonzeka ndi sudo (mphamvu za woyang'anira kompyuta): chgrp -R situdiyo /srv/ntchito, kenako chmod -R g+rwX /srv/ntchito, pomaliza find /srv/ntchito -type d -exec chmod g+s {} + kuti s abwerere pa foda iliyonse. Pa bakapu ya usiku yopita ku disiki ina, -a ndimaiikabe, ndipo kumeneko ndimaidalira kotheratu.