Pirinta ya 3D ya filament, ya resin, kapena kwa a lathe: tisankhe chiti?

Kachipangizo ka pulasitiki kakathyoka pa makina osokera, pa pampu kapena pa chitseko cha galimoto, ntchito yonse imaima. Mukazungulira Malangalanga yonse ku Lilongwe osakapeza, kuitanitsa ku Johannesburg kapena ku China kumadya masabata, kuwonjezera msonkho wa MRA ndi vuto la ndalama zakunja. Apa m'pamene pirinta ya 3D imapulumutsa ndalama, chifukwa imaumba chinthu mzere pamwamba pa mzere kuchokera pa chojambula cha pa kompyuta, popanda chikombole.

Ya filament, monga Creality Ender 3, imasungunula ulusi wa pulasitiki wa 1.75 mm n'kuutulutsira pa kabowo ka 0.4 mm, ndipo imaumba chinthu chofika 220 x 220 x 250 mm. Mpukutu wa ulusi umalemera 1 kg. Ngati kachipangizo kanu n'ka magalamu 25, mupeza 40, kuchotsapo tolephera. Magetsi sidya ambiri, ntchito ya maola 3 siyimaliza yunitsi imodzi. Chomwe imadya ndi nthawi, moti oda ya tizipangizo 20 imayenda bwino, koma ya 2,000 ndi ya fakitale ya chikombole.

Pa ulusi ndi pomwe ambiri amataya ndalama, posankha pakati pa mitundu yake monga PLA ndi PETG. PLA ndi yosavuta, imatuluka pa 200°C, koma imayamba kufewa pa 60°C. Kabulaketi ka PLA kasiyeni m'galimoto yotseka pa dzuwa la Okutobala, mukapeza katapindika. Pa sipeya, PETG ndiyo yoyenera: imatuluka pa 240°C n'kupirira kutentha kufika cha m'ma 80°C. Vuto lake imayamwa chinyezi m'dzinja. Mukamva kuthetheka pa kabowo, chinthu n'kutuluka ndi timaulusi ngati nyumba ya kangaude, uumitseni ulusiwo pa 65°C kwa maola 4 mpaka 6, kenako muusunge m'ndowa yotseka bwino yokhala ndi silica gel, timibulu toyamwa chinyezi. Musaiwalenso kuti chinthu chimasweka polumikizana mizere. Ngowe yokolekera katundu iumbeni chogona. Mukaiumba choimirira, idzaduka pakhosi.

Ya resin, yomwe imaumba chinthu poumitsa pulasitiki wamadzimadzi ndi kuwala, imapambana pa kusalala. Mizere yake ndi ya 0.05 mm, yabwino kwa opanga mphete ndi tizinthu tokongoletsa. Koma malo oumbira ndi ochepa, resin wamba amasweka msanga, ndipo chilichonse chimafuna kutsukidwa m'mankhwala a isopropyl alcohol ndi kuumitsidwa ndi kuwala kwa UV, mutavala magolovesi, mazenera ali otsegula. Kwa makaniko siyoyenera.

Nanga a lathe (makina osemera chitsulo mochizungulitsa) a ku Biwi ndi Kanengo? Pa bushi, shafti kapena chilichonse chozungulira chonyamula katundu wolemera kapena chokhala pafupi ndi injini, pitani kwa iwo. Amasema chitsulo kapena nayiloni, zambiri n'kutayika ngati zinyenyeswa, koma mphamvu yake pirinta siingaifike.

Kwa wokonza zinthu kuno ku Lilongwe, ya filament ndi PETG ndiyo yobweza ndalama msanga, bola mtengo wa inveta ndi batire muuwerengere limodzi. Magetsi akathima pa ola lachisanu la ntchito ya maola 6, mbale youmbirapo imazizira, chinthu n'kumatuka. Ngakhale makinawo atapitiriza pomwe analekera, pamatsala msoko wofooka. Inveta ya 500 W imakwana, popeza pawa sapulayi ya Ender 3 ndi ya pafupifupi 350 W.