Nikon D3200 ya kaunjika: miyezi 16 ya fumbi, chuku ndi girisi

Kamera iyi ndinaigula mu Okutobala 2023 kwa mkulu wina wa ku Namiwawa amene anasiya kujambula maukwati chifukwa msana unayamba kumuvuta. Patangopita milungu yochepa, mu Novembala, kwacha inagwa ndi 44 peresenti ndipo mitengo ya katundu wochokera kunja inathawa ngati mbuzi yoduka chingwe. Ndiye pa mtengo ndinachita mphumi. Ndalama yake sinditchula pano, chifukwa mayi a kunyumba nawonso amawerenga, ndipo iwo anauzidwa mtengo wina.

Ndi kamera yakale. Nikon anaitulutsa mu 2012, ili ndi mamegapixel 24, ndipo yanga inabwera ndi lenzi ya 18-55, batire limodzi, chaja ndi chikwama chakufa zipi. Tsiku lomwelo ndinaona pa intaneti kuti shutter yake, kachitseko ka mkati kamene kamatseguka ukamajambula, yatsekulapo kangati, n'kupeza kuti inali itangodutsa 21,000. A Nikon amati shutter ya mtundu uwu anaiyesa mpaka 100,000, choncho ndinagona tulo. Lero yadutsa 33,000 ndipo kaliridwe kake sikanasinthe.

Maloto anga anali a mapiri. Ndinkadziona ndili pamwamba pa Michiru m'mamawa, tauni yonse ili pansi, Soche uko, Ndirande uko. Ndinakwerako ndithu, kawiri. Koma nditawerenga zithunzi zimene zili mu laputopu sabata yatha, ndinaseka ndekha: zambiri ndi za kunsi kwa Corolla yanga.

Galimoto yake ndi NZE121, ija ya injini ya 1NZ-FE, ya malita 1.5, imene makaniko aliyense wa ku Ndirande angaiphwasule atatsinzina. Ine si makaniko. Ndimagwira ntchito ya mu ofesi, koma Loweruka ndimakonda kudetsa manja: oilo, mapulagi, mabuleki, zing'onozing'ono. Vuto la munthu wongophunzira ngati ine si kumasula ayi, kumasula n'kosavuta. Vuto ndi kubwezera. Apa ndi pamene kamera inabweza ndalama yake.

Mwezi wa Epulo 2024 mabuleki akumbuyo anayamba kulira ndikamatsika ku Chilomoni. Kumbuyo kwa galimoto iyi kuli ma drum. Drum inakana kuchoka, mpaka mnyamata wa pagalaja ina ya kufupi ndi kwathu, amene anali kudutsa, anaima n'kunena kuti, "Akulu, musamenye ndi hamala, mulira. Mukuona timabowo tiwiri ito? Lowetsanimo mabawuti a sipanala ya 12, muzimanga pang'onopang'ono uku ndi uku." Ndinatero, drum n'kungoti phu, kutuluka yokha. Mkatimo ndinapeza msonkhano wa masipuling'i: yaikulu pamwamba, ina pansi, tiwiri togwira ma shoes, kachitsulo kosinthira mpata kali ndi mano ngati kagudumu, ndi waya wa handbrake atakola penapake kuseri. Ndisanakhudze kanthu ndinapukuta manja, n'kujambula zithunzi zisanu ndi chimodzi, kutsogolo, m'mbali, pansi.

Patatha maola awiri, zonse zili mbwee pa chiguduli, mutu unaima. Sipuling'i yaikulu ija ili ndi mbali yaitali ndi yaifupi, ndipo sindinkakumbuka kuti yaitali imaloza kuti. Ndinatsegula chithunzi pa laputopu n'kuchikuza mpaka kambedza ka sipuling'i kanadzaza sikirini yonse, dzimbiri lake likuoneka bwinobwino, ngakhale kabowo kamene kanakola. Apa ndi pamene ndinamvetsa phindu la mamegapixel 24. Foni yanga ikakuza chithunzi chotere cha mumthunzi imangosanduka phala. Akuluakulu a ntchitoyi amati uzimasula mbali imodzi, inayo ikhale mphunzitsi wako, ndipo sanama, koma mbali ziwirizi zimayang'anizana ngati munthu ndi galasi, ndiye kwa wongoyamba zimasokonezabe. Chithunzi cha mbali yomweyo sichinamiza.

Chiyambire tsiku limenelo sindimasula chinthu ndisanajambule. Mapulagi ndimawandandika pa katoni malinga ndi masilinda, woyamba mpaka wachinayi, n'kujambula nsonga zake padzuwa, kuti ulendo wina ndidzafananize mtundu wake. Manambala a zipangizo, aja olembedwa ting'onoting'ono pa chitsulo chodzola oilo, ndimawajambula n'kupita nawo ku Limbe. Wogulitsa akayamba zija za "ndi chimodzimodzi bwana, chimalowa," ndimangomuonetsa nambala.

Komabe pansi pa galimoto kamerayi ndi yovuta. Sikirini yake ndi yomatirira, sitembenuka, ndiye ukagona chagada pansi pa injini uyenera kukanikiza nkhope ku kamera, kamera ku chitsulo. Lenzi ya 18-55 imafuna mpata wa masentimita 28 kuti ione bwino. Ukayandikira kuposa apo imangosakasaka uku ikulira. Ukayatsa live view kuti uziona pa sikirini, imachedwa kupeza focus moti dzanja limatopa. M'malo opanikiza, monga kuseri kwa injini, foni ndi tochi yake zimapambana kutalitali, ndipo sindichita manyazi kunena. Chinanso, mphira wa pogwirira suyanjana ndi girisi. Wanga wayamba kufutukuka pakona, ndipo kamera yonse ikununkha galaja.

Pa malenzi ndinadyapo chibwana. Ndinapeza 50mm f/1.8D pa shopu ina ku Limbe, yooneka bwino, mtengo wozizira. Wogulitsa analumbira kuti ya Nikon ndi ya Nikon basi. Kulowa inalowadi. Koma D3200 ilibe kamota m'thupi mwake koyendetsa focus ya malenzi akale otere, imafuna olembedwa AF-S, amene mota ali m'lenzi momwemo. Ndinafika kunyumba, kudina batani, zii. Nditabwerera ndinauzidwa kuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Ndimaigwiritsabe ntchito pozungulitsa ndi dzanja, kadontho kobiriwira ka m'kawindo koonera kakayaka ndiye kuti zalunjika, koma mwana wothamanga simungamugwire nayo. Pambuyo pake ndinagula 35mm f/1.8G, ndipo imeneyi ndi imene imakhala pa kamera masiku onse. Ngati muli ndi D3200 ndipo mukudandaula kuti zithunzi za m'nyumba zimatuluka zakuda kapena zogwedera, vuto ndi 18-55 ija. Sinthani lenzi musanaganize zogulitsa kamera.

Kugwedera ndinakuthetsanso mwa njira ina imene sindinaiyembekezere. Amalume anga ku Thyolo ali ndi mfuti yakale yosakira, ya mpope umodzi, ya chiphaso chake, imene masiku ano imangokhala yokhomeredwa ndipo imatuluka tsiku lopukuta basi. Pa Khirisimasi ya 2023 anandiona ndikujambula adzukulu pakhonde dzuwa litalowa, ndikutukwanira pansi chifukwa chilichonse chimatuluka chogwedera. Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anati, "Mphwanga, ukugwira chinthucho ngati ukuopa kuti chikuluma. Zigongono zibwere kunthiti. Mwendo wina kutsogolo. Tulutsa mpweya, usaumalize, ima pomwepo. Chalacho usabaye, finya pang'onopang'ono mpaka chikudzidzimutse chokha." Ndinati, "Amalume, iyi si mfuti." Iwo anati, "Thupi ndi lomwelo."

Ndinayesa. Chithunzi cha pa 1/15 ya sekondi, liwiro lochedwa la shutter limene dzanja limagwedeza mosavuta, chinatuluka chakuthwa, ndevu za amalume zikuwerengeka. Mpaka lero ndikamajambula mumdima ndimamva mawu awo.

Tsiku lotsatira anandipempha kuti ndijambule mfutiyo, akuti ana adzaione iwo atapita. Asanandipatse anaithyola pakati, n'kusuzumira mumpope, n'kundionetsa kuti mulibe kanthu, ngakhale tonse tinkadziwa kuti yakhala zaka yosalira. Anati mwambo ndi umenewo, ndipo kukamwa kwa mfuti sikuloza munthu ngakhale ili yopanda kanthu. Kujambula chitsulo chakuda chopukutidwa ndi oilo ndi mayeso. Flash ya pamwamba pa kamera inangobweza kuwala koyera pakati, kwina konse bii. Tinaigoneka pa mphasa pafupi ndi chitseko, pamene kuwala kumalowa cham'mbali, mdzukulu wina atagwira thumba loyera la ufa mbali inayo kuti libweze kuwala. Pamenepo mtengo wa kumbuyo unaonetsa mizere yake, ndi pamene chikhatho cha amalume chinaupereseza kwa zaka zambiri mpaka kusalala. Ndi chimodzi mwa zithunzi zabwino zimene kamerayi yatulutsa, koma pa Facebook simudzachiona. Kulengeza kuti nyumba yakutiyakuti kumudzi ili ndi mfuti n'kuitana alendo a usiku. Ndinachitsukitsa, chili m'chikwama cha amalume pamodzi ndi mapepala ake.

Tsopano za nyengo ya kuno, chifukwa ndi imene imadya makamera. Seputembala ndi Okutobala ndi fumbi ndi utsi wa moto wa m'tchire. Ulendo wachiwiri wa ku Michiru ndinasintha lenzi pamphepo, ndipo zithunzi zonse zimene ndinajambula pa f/11 kupita m'tsogolo, kabowo ka lenzi katachepetsedwa, zinatuluka ndi timadontho totuwa kumwamba, malo omwewomwewo. Kamera ili ndi kachipangizo kogwedeza fumbi pa sensa ukamayatsa ndi kuzimitsa, koma fumbi la Blantyre silimva zimenezo. Kampira kopopera mpweya kanachotsa ambiri. Awiri anatsala, ndipo ndawazolowera ngati anansi. Musapemerere ndi pakamwa, malovu ndi oipa kuposa fumbi.

Mdani weniweni ndi chinyezi. Dzinja loyamba ndinasiya 18-55 m'chikwama, chikwamacho mu wadiropu yotsamira khoma limene limanyowa. Kenaka kunabwera chiperoni cha Juni ndi Julayi, masiku angapo dzuwa osaoneka. Nditaitulutsa mu Ogasiti n'kuiunika ndi tochi, m'mphepete mwa galasi la mkati munali kaukonde koyera ngati ka kangaude. Chuku. Pa zithunzi sichinayambe kuoneka kwenikweni, kupatula ndikaloza kumene kuli dzuwa, pamene chithunzi chimachita ngati chathiridwa mkaka. Panopa zonse zimakhala m'bokosi la pulasitiki lotseka bwino, momwe ndinathiramo timapaketi ta silica gel tija timabwera m'makatoni a nsapato, ndipo lenzi yodwalayo imagona payokha. Dzinja lino lafika pakati, 35mm ikadali yoyera.

Batire lake, EN-EL14, pa pepala amati limajambula zithunzi 540. Langa ndi lokalamba, limafika mwina theka la pamenepo, ndipo ukamaonera zithunzi pa sikirini kapena kujambula vidiyo limatha ngati shuga wa pamaliro. Ndinagula lachiwiri lopanda dzina pamsika, kamera n'kulikana poyera, uthenga pa sikirini, osayaka n'komwe. Lachitatu linagwira. Popeza kamerayi sitchajidwa ndi USB, magetsi akazima usiku wa Lachisanu ndiye kuti power bank yanu ilibe ntchito, Loweruka mujambula ndi foni.

Wi-Fi mulibe. Pamafunika kachipangizo kapadera kotchedwa WU-1a, kamene sindinakaonepo m'shopu iliyonse imene ndafunsa. Ndimazula khadi n'kulowetsa mu kowerengera kolumikiza ku foni. Zimatheka, koma pa chinkhoswe achibale amafuna chithunzi pa WhatsApp nthawi yomweyo, ndipo ukati "mawa" amakuyang'ana ngati wawabera. Ukatumizanso, WhatsApp imachifinya mpaka kufanana ndi cha foni, azakhali n'kufunsa kuti nanga chikamera chonsecho n'chachiyani. Mafayilo a RAW, aja osunga zonse zimene kamera yagwira kuti ukakonze pa kompyuta, ndi olemera, lililonse pafupifupi 20 MB, ndiye zagalimoto ndimajambula JPEG basi.

RAW ndimasungira malo ngati tchalitchi cha St Michael and All Angels ku HHI. Nyumba ija inamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, munthu amene sanaphunzire za mapulani a nyumba, ndipo njerwa zake anaumba ndi kuwotcha konkuno. Cha m'ma 5 koloko madzulo dzuwa likapendeka, njerwa zija zimafiira ngati makala, mapindikidwe ake onse n'kutulukira. Pa ISO 100 (ISO ndi nambala imene umaikweza kuwala kukachepa) kamera iyi imagwira zonsezo, ndipo mithunzi ya pansi pa makhonde umaikweza pa kompyuta popanda kuphulika timchenga. Ukakwera kufika ISO 1600 zimapiririka, pa 3200 khungu la munthu limayamba kuoneka ngati msasa. Pamenepa foni zatsopano zodula zimaiposa usiku, koma masana, pa chithunzi choti utsukitse chachikulu n'kupachika, sindinaone foni ya mnzanga aliyense ikuifika.

Ndingaigulenso? Pa mtengo uja, inde, mawa lomwe. Munthu amene akufuna zithunzi za pa status asavutike nayo, ndalamayo awonjezere pa foni. Koma amene ali ndi mtima wofatsa, wokonda kukuza chithunzi n'kuona kanthu kamene maso anaphonya, aipeze, aone shutter, aunike lenzi ndi tochi asanapereke ndalama, ndipo afunse ngati chaja ndi chenicheni.

Corolla yayamba kulira kuti kha-kha-kha ndikamakhota kwambiri kumanja pa raundabauti ya ku Ginnery Corner. Mnyamata wa pagalaja uja akuti ndi CV joint, mfundo ya chitsulo chozungulitsa tayala lakutsogolo, ndipo wandichenjeza kuti nati ya pakati pa tayala ndi youma mutu, ndibwereke chitsulo chachitali. Loweruka likubwerali ndiyamba. Batire lili pa chaja, ndipo ulendo uno ndagula magolovesi, kuti mphira wotsalawo ufikeko chaka china.