WordPress ndi CiviCRM: kodi n'zoyenera mabungwe a mamembala a ku Mulanje ndi Thyolo?

Bungwe la alimi a tiyi ku Mulanje, gulu la alimi a mkaka ku Bvumbwe, kapena olondolera alendo okwera phiri ku Likhubula akafuna tsamba la pa intaneti, kawirikawiri amayamba kufunsa za maonekedwe. Koma chimene chimavuta kwenikweni ndi kaundula: ndani ndi membala, walipira liti, umembala wake utha liti, ndipo amuuza ndani. Pulogalamu yoyendetsera tsamba, imene amisiri amaitcha CMS, iyenera kusankhidwa poyang'ana kaundulayo.

Mapulogalamu aulere odziwika ndi atatu: Drupal wa mu 2001, WordPress wa mu 2003 ndi Joomla wa mu 2005. Drupal ndi wamphamvu pogawa zilolezo, kuti msungichuma aone zandalama, mlembi aone maina okha. Vuto lake ndi lakuti amisiri omudziwa bwino ndi ochepa kuno, ndipo kumukonzanso kumafuna munthu wozolowera Composer, chida chimene amisiri amaikira ndi kukonzera zigawo za pulogalamu. Wina akakuuzani kuti akumangirani pa Drupal 7, kanani, chifukwa thandizo lake linatha pa 5 Januwale 2025. Chimodzimodzi Joomla 3, amene anasiyidwa mu Ogasiti 2023. Joomla wamakono alibe vuto, kungoti zowonjezera (timapulogalamu towonjezera ntchito pa tsamba) zake zambiri za umembala n'zogula. WordPress amapambana pa chinthu chimodzi chachikulu: amene anakumangirani akasamukira ku Lilongwe, mupeza wina ku Limbe kapena ku Blantyre woti apitirize.

Koma WordPress payekha sasunga umembala. Ambiri amathamangira zowonjezera monga Paid Memberships Pro kapena MemberPress, ndipo apa m'pamene mabungwe athu amapunthwa. Zowonjezera zimenezi zinapangidwa poganiza kuti membala aliyense ali ndi imelo yakeyake komanso khadi la kubanki. WordPress salola anthu awiri kulembetsa ndi imelo imodzi. Ndiye mlimi wa ku Thekerani amene ali ndi foni ya mabatani ndi nambala ya Mpamba alowa bwanji? Zotsatira zake mlembi amayamba kupeka maimelo abodza, uthenga wokumbutsa za malipiro umapita kumalo kosakhala munthu, kaundula n'kusanduka zinyalala. Pa gulu la ophunzira akale a sukulu, amene ambiri ali pa ntchito m'tauni, zowonjezerazi zimagwira bwino ndithu. Pa gulu la alimi sitikuzivomereza.

Chimene timavomereza ndi CiviCRM, pulogalamu yaulere yopangidwira mabungwe, imene imakhala mkati mwa WordPress. Ubwino wake ndi wakuti munthu amalembedwa m'kaundula ngakhale alibe imelo kapena akaunti pa tsambalo. Mlembi amalemba dzina, mudzi, kalabu, nambala ya foni ndi nambala ya umembala. Ndalama zolandiridwa pamanja, pa Airtel Money kapena pa Mpamba zimalembedwa m'makwacha, ndipo nambala ya uthenga wotsimikizira malipiro ili ndi malo ake. Mumasankhanso ngati chaka cha umembala chiziyamba tsiku limodzi kwa onse kapena tsiku limene munthu walipira. Kwa alimi a tiyi sankhani tsiku limodzi, ndipo likhale m'miyezi ya mvula pamene masamba akuthyoledwa kwambiri ndipo anthu ali ndi kangachepe m'thumba. Tsiku likadutsa, membala amaikidwa kaye pa Grace, nthawi yomudikira kuti alipire, kwa mwezi umodzi asanalembedwe kuti Expired, kutanthauza kuti umembala watha, ndipo nthawiyi mukhoza kuitalikitsa mogwirizana ndi malamulo a bungwe lanu.

Kusamutsa maina kuchoka mu Excel ndiye ntchito imene imadya nthawi, ndipo tiyikhalire pansi. Choyamba, Excel amameza ziro woyamba pa nambala ya foni, moti 0888 imasanduka 888. Musanalembe, uzani Excel kuti danga limenelo ndi la malemba. Chachiwiri, posunga fayilo sankhani mtundu wa CSV UTF-8, apo ayi chilembo cha ŵ m'maina chidzatuluka ngati zizindikiro zosawerengeka. Chachitatu ndi maina ofanana. M'kalabu imodzi mumapezeka anthu atatu a dzina limodzi ndi mfunda umodzi, pamene CiviCRM mwachibadwa amasiyanitsa anthu poyang'ana imelo. Ikani nambala ya umembala m'danga la External Identifier, ndipo lamulo lofananitsira anthu lizitsata nambalayo. Yambani ndi maina 20 okha, muwaone amodziamodzi, kenako mulowetse onse. Masiku nawo alembedwe mwa mtundu umodzi, chaka poyamba, mwezi, kenako tsiku, chifukwa 03/04 kompyuta ikhoza kuiwerenga ngati Malichi inu mukutanthauza Epulo.

Zofooka zilipo, ndipo si zazing'ono. CiviCRM ndi wolemera. Pa hosting (malo obwereka osungirapo tsamba) yotsika mtengo kwambiri amachedwa kapena kungoonetsa tsamba loyera, ndiye funsani kaye ngati memory_limit ya PHP, mlingo wa memory imene tsamba limaloledwa kugwiritsa ntchito, ikhoza kufika pa 256MB. Mbali ya alembi ili m'Chingelezi ndipo pa foni yaing'ono imasautsa. Pafunika laputopu, ndi masiku awiri kapena atatu ophunzitsa anthu awiri, osati mmodzi, poti makomiti amasintha pa chisankho. Chinanso chimene chimaiwalika ndi cron, kawotchi kamene kamayendetsa ntchito zodzichitikira zokha. Popanda kuikonza mu cPanel, malo oyendetsera hosting yanu, kuti iziyenda mphindi 15 zilizonse, anthu amene umembala wawo unatha kalekale amaonekabe ngati olipira, ndipo uthenga wokumbutsa sutuluka. Muonetsetsenso kuti ntchito ya Update Membership Statuses ndi yoyatsidwa.

Kulipira pa tsamba pomwepo musakuthamangire. Stripe, kampani yolandirira malipiro a pa intaneti, salembetsa mabizinesi a ku Malawi, ndipo kulumikiza CiviCRM ndi njira zolipirira za m'dziko muno kumafuna wolemba mapulogalamu. Membala atumize pa foni monga anazolowera, msungichuma alowetse m'kaundula kamodzi pa sabata. Uthenga wa SMS umatheka kudzera ku makampani otumiza mauthenga monga Twilio kapena Clickatell, koma amalipiritsa m'ndalama zakunja. Njira yotchipa ndi kutulutsa mndandanda wa amene sanalipire, kalabu ndi kalabu, n'kuutumiza kwa atcheya pa WhatsApp.

Nkhani ya ndalama zakunja yomweyi ndi imene imatichititsa kukana Wild Apricot, pulogalamu ya umembala yolipira pa intaneti, ndi ena otere. N'ngosavuta kugwiritsa ntchito, zoonadi, koma amalipiritsa m'madola ndipo mtengo umakwera maina akamachuluka. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bilu iliyonse ya madola inakwera tsiku lomwelo. Pezani hosting yolipira m'makwacha, ndipo dzina la tsamba, kaya ndi la .mw kapena .org, lilembedwe m'dzina la bungwe ndi imelo ya bungwe, osati ya mmisiri. Zimapweteka kuona bungwe likutaya tsamba lake chifukwa chinsinsi cholowera chili ndi munthu mmodzi amene sakuyankha foni.

Kaundula wa maina ndi manambala a foni ali pansi pa lamulo la Data Protection Act la 2024, limene MACRA imayang'anira. Musaike mndandanda wa mamembala poyera, ikani satifiketi yotetezera tsamba yaulere ya Let's Encrypt, ndipo mlembi aliyense akhale ndi akaunti yake. Aliyense kuno akukumbukira zimene namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023, choncho kope la kaundula lizisungidwa kutali ndi ofesi sabata iliyonse. Chenjerani apa: ngati CiviCRM anaikidwa mu database (nkhokwe yosungira zolembedwa) yakeyake, zowonjezera zosungira monga UpdraftPlus yaulere zikhoza kutenga za WordPress zokha n'kusiya kaundulayo. Uzani mmisiri abwezeretse kope limodzi pa tsamba loyeserera inu mukuona, mufufuze dzina la membala amene walembedwa posachedwa, ndipo musamalize kumulipira dzinalo lisanaoneke.