Anabwera kudzaona ngati pulojekiti yathu ya ana ingayezeke, ndemanga yanga ndi iyi

Anzanga angapo a m'ma CBO, mabungwe ang'onoang'ono a m'midzi aja, akhala akundifunsa za anthu aja tinawapatsa ntchito yoona ngati pulojekiti yathu ya ana ingayezeke chaka chatha, kuti kodi ndalama ija inapita pabwino kapena tinangotaya. Ndiye ndati ndingolemba kamodzi basi. Dzina la kampaniyo sinditchula, ndi kakampani ka anthu atatu ka mu Blantyre, mayi mmodzi amene ndi mwini wake ndi anyamata awiri a ma tabuleti.

Ife tili ku Phalombe, timayendetsa ma CBCC 6, sukulu za mmera mpoyamba zija ena amangoti mkombaphala. Ana a zaka 3 mpaka 5 amabwera m'mawa, amaimba, amasewera, amadya phala kenako kumapita kwawo dzuwa lisanafike pamutu. Alezi athu ndi ongodzipereka, salandira kanthu. Ndiye donor wathu anati asanatipatse ndalama za zaka zina zitatu akufuna adziwe kaye ngati pulojekitiyi ingayezeke, pachingerezi chawo amati evaluability assessment. Ine nditamva ndinkayesa ndi audit, ndinayamba kusaka malisiti a soya ndi shuga usiku wonse, koma ayi si zimenezo. Anthuwa sabwera kudzaona ngati ntchito ikuyenda bwino, amabwera kudzaona ngati ilipo njira yoti munthu nkudziwa kuti ikuyenda bwino kapena ayi. Zimamveka ngati zofanana koma zikakugwera mpamene umaona kusiyana kwake.

Tsiku loyamba tinakhala mu ofesi, mayi aja anatenga logframe yathu, pepala lija timalembapo zolinga za pulojekiti ndi mmene tidzaziyezere, nkuwerenga mokweza cholinga chachikulu chimene tinalemba, chakuti ana akule bwino m'thupi ndi m'maganizo. Kenako anandiyang'ana nkuti, "Achimwene, mwana akakula bwino m'maganizo mumaonera chani?" Ine ndinati timaona kuti ndi ochangamuka. Iwo anati chabwino, nanga kuchangamukako mumakulemba pati. Ndinangoti kukamwa yasaa. Zimene timalemba mwezi ndi mwezi ndi zoti ana angati anabwera, phala linaphikidwa masiku angati, alezi angati anapita ku training, basi. Zonsezo zimangonena zimene ife tachita, za mwanayo mulibemo olo chimodzi. Zaka zinayi tikutumiza malipoti otere ndipo palibe anatifunsapo.

Koma chimene sindidzaiwala ndi cha kaundula. Tinapita pa senta ina ya kuphiri, mayi aja anavula nsapato nkukhala pa mkeka limodzi ndi mlezi wamkulu wa pamenepo, agogo ndithu amene akhala akulera ana pa senta imeneyo chiyambire. Anatsegula hardcover ija tsamba ndi tsamba osathamanga. Anapeza mwana wolembedwa zaka 4 chaka chino, nkubwerera mmbuyo chaka chatha zaka 4, chaka chinacho zaka 4 zomwezo. Anapezanso mwana mmodzi wolembedwa kawiri, kwina ndi dzina la kunyumba kwina ndi dzina la kutchalitchi. Ndiye anafika pa mwezi wina, matiki onse a mwezi wathunthu cholembera chimodzi, kupendekeka kumodzi, zooneka kuti munthu anakhala pansi tsiku limodzi nkudzaza zonse, mpaka tsiku limene pamudzi panali maliro ndipo senta sinatsegule ana onse anali "present". Ine nkhope inagwa, ndinkafuna kuyamba kukalipa pompo. Koma mayi aja anangofunsa mofatsa kuti, "Amayi, bukuli mumalemba nthawi yanji?" Agogo aja anati, "Madamu, ine m'mawa ndimakhala ndili pamoto ndi phala, ana 50 kuno akulira uku wina wadzinyowetsa, ndiye ndimalemba a ofesi akatuma uthenga kuti akubwera." Palibe anaseka. Apa mpamene ndinawapatsa ulemu anthuwa, chifukwa mu lipoti sanalembe kuti alezi amanama, analemba kuti fomu yathu ili ndi mabokosi 14 pa mwana mmodzi ndipo munthu amene akuphika sangaikwanitse. Vuto analibweza kwa ife a ofesi, komwe linali kwawo.

Nkhani ya zaka ija si yaing'ono eti. Anatifotokozera kuti ukafuna kudziwa ngati mwana ndi wopinimbira umayeza msinkhu wake poyerekeza ndi miyezi imene ali nayo, osati zaka zongoganizira, ndiye ukaphonya ndi miyezi 6 yokha mwana wabwinobwino amaoneka wopinimbira kapena wopinimbira nkuoneka wabwino. Ana athu ambiri alibe chiphaso cha kubadwa cha ku NRB, ofesi ya boma yolembera nzika, koma pafupifupi mayi aliyense ali ndi kabuku ka kusikelo ndipo tsiku lobadwa limakhala momwemo. Anati polembetsa mwana kholo lizibwera ndi kabukuko, mlezi akopere tsikulo kamodzi, nkhani yatha. Chinthu chaulere, ife zaka zonsezi osachiganiza.

Funso lina limene linatipweteka ndi la baseline, kuti kodi ana anali bwanji tisanayambe. Tinali nawo mafomu ena a chaka choyamba koma ankasungidwa pa senta ina imene madzi a namondwe wa Freddy anadutsamo mu March 2023, zonse zinapita ndi matope limodzi ndi mapoto. Kopi ya pa kompyuta inali mu laputopu ya mnyamata wina amene anasiya ntchito kalekale. Ndiye anatiuza mosabisa kuti za zaka zinayi zapitazi iwalani, palibe angatsimikize kuti phala lanu ndi nyimbo zanu zinasintha ana, ngakhale zitakhala kuti zinasinthadi. Ndinafunsa kuti bwanji tingoyeza ana athu panopa nkuwafanizira ndi chiwerengero cha dziko lonse, poti kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa MDHS wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka 5 ndi opinimbira. Anakana. Anati chiwerengero chimenecho ndi cha Malawi yense komanso ndi chakale, ndipo ana amene amabwera ku CBCC mwina ndi a makolo amene kale ndi kale amasamala za ana, ndiye mukawapeza ali bwino simudziwa ngati ndi inu kapena ndi amayi awo. Anatipatsa chitsanzo cha Mtukula Pakhomo, kuti pamene ankafuna kuyeza mphamvu yake ku Salima ndi Mangochi anayamba ndi kafukufuku mu 2013 mabanja asanalandire ndalama, ndipo midzi ina inayamba kulandira pomwe ina inadikira kaye kuti pakhale pofanizira. Ife zoterozo sitingazikwanitse ndipo anavomereza okha kuti bungwe la ma senta 6 lisadzivute nazo, komanso m'midzi yathu muno muli mabungwe ena, ena akugawa ufa ena mbuzi, ndiye mwana akanenepa aliyense amati ndi ife.

Zimene anati tingathe ndi zochepa koma zogwirika. Tepi ya MUAC ija yoyeza pamkono, alangizi a zaumoyo ali nayo kale ndipo amabwera kusikelo mwezi uliwonse, yofiira ndi pansi pa 11.5 cm, yachikasu mpaka 12.5, kupitirira apo yobiriwira, ndiye tingogwirizana nawo kuti ana a pa senta osakwana zaka 5 aziyezedwa pa teremu kamodzi. Za m'maganizo zija anatiuza za MDAT, chida choyezera kakulidwe ka mwana chimene chinapangidwa konkuno ku Malawi, chimaona kayendedwe ndi kudumpha, kagwiridwe ka tinthu ndi zala, kalankhulidwe, ndi mmene mwana amakhalira ndi anzake. Anati osayeza ana onse, tisankhe ochepa mwa maere pa senta iliyonse ndipo oyezawo akhale ophunzitsidwa, asakhale alezi a pa senta yomweyo chifukwa palibe mlezi angalembe kuti mwana wake walephera. Ndipo china chimene ndinachikonda, tiziwatsatira ana akapita ku Standard 1, kuti analowa ali ndi zaka 6 kapena mochedwa, nanga anabwereza kapena anapitirira. Ma register a ku pulayimale alipo kale, nkungopita kukapempha kwa a head.

Pa nkhani za nkhanza kwa ana anatichenjeza chinthu chimene donor mwiniwake sanachiganize. Mu logframe tinalemba kuti milandu ya nkhanza itsike. Mayi aja anati mukaphunzitsa anthu za lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana komanso za nambala ya foni ya 116 yonenerako nkhanza kwa ana, milandu yonenedwa imakwera kaye chifukwa anthu ayamba kuulula, ndiye mwadziikira msampha nokha, ntchito ikayenda bwino pepala lizidzati mwalephera. Anati tiziwerenga kuti mwa milandu imene yanenedwa ndi ingati yafika kwa a Social Welfare ndipo yatsatiridwa mpaka pamapeto. Komanso anatikalipira pang'ono, mwaulemu, atapeza kuti mayina a ana ochitiridwa nkhanza timatumizirana pa gulu la WhatsApp. Zimenezo tinasiya sabata yomweyo.

Tsopano zondinyansa, chifukwa zilipo. Lipoti linachedwa ndi milungu 5, ndimaimba foni amati mawa, mawa lake osafika, donor uku akundipanikiza ine. Litabwera linali masamba 60 achingerezi chokhachokha cholemera, komiti ya makolo ndi a gulupu amene anataya masiku awiri akuyankha mafunso palibe chimene akanatolamo. Ndinachita kuwakakamiza kuti abwerenso adzafotokoze m'Chichewa, anabwera inde koma anafuna fuel yapadera pomwe ine ndimayesa zili mu mtengo womwe uja. Anyamata a ma tabuleti aja nawo, mmodzi anali bwino koma winayo amafunsa mafunso ngati wapolisi, maso pa sikirini osayang'ana munthu, mayi wina anangonyamuka nkumapita kumunda mafunso ali pakati. Anasankhanso kubwera mu February mvula ili pakati, senta imodzi sanafikeko chifukwa mtsinje unadzaza, koma mu lipoti analemba ngati anayendera zonse 6 mpaka nditawauza kuti akonze. Ndipo anatilimbikitsa kwambiri kuti tisamukire pa KoboToolbox, pulogalamu yodzazira mafomu pa foni, pulogalamuyo payokha ndi yabwino imagwira ngakhale popanda netiweki, koma alezi athu ambiri ali ndi mafoni a mabatani ndipo kutchaja nkolipira pa trading centre, ndiye pamenepo anaganiza ngati anthu a mtauni. Tinagwirizana kuti alezi akhalebe pa pepala, supervisor yekha ndiye azilowetsa mu foni pakutha pa mwezi.

Mtengo unali wowawa, ndalama yake ikanatha kugula soya ndi chimanga cha phala cha teremu yonse, ndipo akanakhala kuti si donor analipira ife sitikanayerekeza. Pa nyenyezi 5 ndiwapatsa 4, imodzi ndachotsera kuchedwa ndi Chingerezi chija. Ngati mukuwafuna muwaitane pulojekiti isanayambe kapena chaka choyamba, osati ngati ife chaka chachinayi, ndipo mulembetse mu contract kuti kufotokozera anthu a kumudzi m'Chichewa kuli momwemo, tsiku lopereka lipoti lilembedwenso ndi chilango chake. Kaundula watsopano tinasindikiza wa mabokosi 5 okha, ndipo pa senta ya agogo aja komiti inasankha mtsikana wina amene analemba Form 4 kuti aziitana mayina nthawi ya phala, mwana akalandira kapu iye nkuchonga.