Firefox pa tabuleti yapakhomo, patatha miyezi 8: nyenyezi 4 mwa 5

Ndimagulitsa zitenje ku Kamwala mu Lusaka, ndimakhala ku Mtendere, ndipo tabuleti imene ndikukamba pano ndi imodzi yokha m'nyumba ya anthu anayi. Ndinaigula pa shopu ina kufupi ndi Cairo Road. Ndi ya Android, sikirini ya mainchi 8, RAM (malo osungira zimene zatsegulidwa pa nthawiyo) ya 3GB, yolowa SIM. Si yapamwamba ayi. Masana imakhala ndi ine ku msika, ndimalembamo ndalama za chilimba chathu cha azimayi 12 ndi kuonetsa makasitomala zithunzi za katundu amene ali m'njira. Madzulo imapita kwa mwana wanga wamkazi wa Giredi 12, akamaliza iye amalanda mlongo wake wa zaka 11. Amayi anga, amene anabwera kuchokera ku Katete kudzakhala nafe chifukwa cha matenda a shuga, amaifuna m'mawa kuti awerenge Baibulo. Ndiye mukamawerenga ndemangayi dziwani kuti chinthuchi chimadutsa m'manja mwa anthu a mibadwo itatu tsiku lililonse.

Firefox ndi browser, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti. Ndi yaulere pa Play Store, ndipo eni ake ndi bungwe la Mozilla, limene linaitulutsa koyamba mu 2004. Ine sindinkaidziwa n'komwe. Zimene zinandifikitsa kwa iyo ndi zinthu ziwiri zimene zinandiwawa mumtima.

Choyamba chinachitika usiku wina magetsi atazima. Ndinali kusadza chibwabwa pa kandulo, mwana wanga ali pambali panga kufunafuna mapepala akale a mayeso a Biology a ECZ, bungwe la mayeso la dziko lino. Anapeza tsamba lina limene linali nawo. Atangolitsegula, pamwamba panabwera malonda a kubetcha pa mpira, pansi panabwera ena, pakati kavidiyo kakudziyimbira kokha. Anadina ka x kakang'ono kuti atseke, m'malo mwake kunatseguka tsamba lina la zithunzi zosati n'kuonera pamodzi ndi ana. Mlongo wake anali atatsamira paphewa lake, maso ali tong'o. Ndinalanda tabuleti ndi manja onyowa. Pamene tinabwerera ku tsamba lija, meseji inalowa yakuti bandulo yatha. Pepala la Biology sitinaliwerenge ngakhale funso limodzi.

Chachiwiri chinali cha amayi. Mdzukulu wawo anawathandiza kufufuza zakudya zoyenera munthu wodwala shuga, ngati nsima ya mgaiwa ili bwino kuposa ya ufa woyera, zinthu ngati zimenezo. Kwa milungu ingapo pambuyo pake, tsamba lililonse limene ndinkatsegula linkandionetsa mankhwala akuti amachiritsa shuga m'masiku 7. Tsiku lina ndikuonetsa kasitomala wanga mitundu yatsopano ya zitenje, malonda aja anatulukira pansi pa sikirini. Mayiyo anandiyang'ana mwachifundo n'kufunsa kuti, “Amayi, kodi mukudwala shuga?” Sanalakwe kufunsa. Koma matenda a amayi anga ndi nkhani ya m'nyumba mwathu, ndipo inafika pa msika popanda aliyense wa ife kuiulula.

Mwana wa mkulu wanga amaphunzira za makompyuta ku yunivesite ya UNZA. Nditamudandaulira anati, “Amayi aang'ono, bweretsani Lamlungu tikatuluka ku tchalitchi.” Anandifotokozera kuti masamba ambiri amanyamula timapulogalamu ta makampani ena otsatsa malonda. Mukatsegula tsamba, timasiya kachizindikiro kotchedwa cookie m'tabuleti mwanu. Mukapita pa tsamba lina limene lili ndi timapulogalamu ta kampani yomweyo, imakuzindikirani. Ndinamva msanga, chifukwa ndi zomwe amachita anyamata ena ku Soweto Market: amakutsatira kuchokera pa tebulo la tomato kufika pa la kapenta, akumvetsera zimene ukufunsa mtengo, kenako amakudulira kutsogolo atanyamula chinthu chomwecho. Firefox inayamba kutsekereza olondola otere mwa iyo yokha mu 2019, ndipo ili ndi njira ina yotchedwa Total Cookie Protection, imene imaika ma cookie a tsamba lililonse m'chikho chakechake kuti tsamba lina lisasuzumiremo.

Anaiika pa Wi-Fi, kenako anadina timadontho titatu, n'kupita pa Extensions, n'kuwonjezera kapulogalamu kotchedwa uBlock Origin kotsekereza malonda. Apa ndi pamene pagona ubwino waukulu wa Firefox pa Android, chifukwa Chrome, browser ya Google, pa foni ndi pa tabuleti silola kuwonjezera zinthu zotere. Tinatsegulanso tsamba la mapepala a mayeso lija. Linabwera loyera, mitu ya maphunziro ili pa mzere, zaka zili pambali. Kubetcha kulibe, kavidiyo kulibe. Mwana wanga anaseka n'kunena kuti, “Amama, kodi ndi tsamba lomwe lija?”

Pa nkhani ya bandulo ndinena zimene ndaona ine, osati za m'mabuku. Bandulo ya pa mlungu imene kale inkatha Lachinayi, tsopano kawirikawiri imafika Loweruka, malinga ngati mnyamata sanaonere mavidiyo ambiri. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: zithunzi ndi mavidiyo a malonda nazonso zimadya data, ndipo wolipira ndi iwe. Batire nayo imakhalitsa pang'ono, chinthu chimene aliyense amene anakhala mu Lusaka mu 2024, madzi atachepa ku Kariba magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse, amadziwa kufunika kwake.

Chimene sindinkayembekezera kuti ndichikonda ndi kachizindikiro konga pepala kamene kamaoneka pafupi ndi adiresi ya tsamba. Ukakadina, zonse zapambali zimachoka, n'kutsala mawu okha, ndipo zilembo umazikulitsa mmene ufunira. Maso a amayi afooka ndi shuga uja. Kale ankayandikizitsa tabuleti mpaka pamphuno. Tsopano amakhala pa mphasa pakhonde, tabuleti ili pamiyendo, zilembo zazikulu ngati za pa bolodi ya kusukulu, akuwerenga Masalimo mokweza pang'ono monga amachitira kumudzi. Chifukwa cha chimenechi chokha ndikanaisunga Firefox ngakhale zina zonse zikanapanda kugwira.

Palinso kena kothandiza pa tabuleti yogwiritsa ntchito anthu ambiri. M'ma Settings muli malo ouza Firefox kuti izifufuta mbiri ya masamba ndi ma cookie ukamaitseka podina Quit. Tinayatsa. Ine ndikamaliza kuona mitengo kwa ogulitsa katundu wambiri, ana sapeza zimene ndimachita, nanenso sindiona zonse zimene mtsikana wa zaka 18 amafunsa intaneti. Ena anganditsutse, koma ine ndimaona kuti mwana wamkulu chotere ayenera kukhala ndi kangodya kake. Wamng'onoyo ndiye amagwiritsa ntchito ndili pomwepo.

Zovuta zilipo. Ndikatsegula masamba opitirira asanu kapena asanu ndi limodzi, n'kupita pa WhatsApp, pobwerera tsamba limayambanso kutseguka. Mwana wa mkulu wanga akuti vuto ndi RAM yochepa ya tabuleti yanga, ndipo n'zoona chifukwa mapulogalamu ena amachitanso chimodzimodzi. Vuto lina tinakumana nalo polembetsa malo pa koleji ina. Fomu tinadzaza yonse, koma batani lotumizira silinkaoneka. Tinavutika theka la ola. Mapeto ake tinadina kachishango kamene kali pafupi ndi adiresi n'kuzimitsa chitetezo pa tsamba lokhalo, batani linatulukira. Masamba ena a kuno amapangidwa n'kuyesedwa pa browser imodzi yokha, choncho Chrome sindinaichotse, ndimaisunga chifukwa cha masiku ngati amenewo. Langizo langa: chitetezo chisiyeni pa Standard, musathamangire pa Strict, chimene ndi chokhwima kwambiri, ngati mulibe munthu wapafupi wokuthandizani zikasokonekera.

Nyenyezi yachisanu ndaimana pa zifukwa ziwiri. Zonse zimene ndatchulazi zinatheka chifukwa panali mwana wophunzira wondikonzera. Mawu onse a m'ma Settings pa tabuleti yanga ndi a Chingerezi, Chingerezi chakenso cha akatswiri. Mnzanga wa tebulo loyandikana nalo akanaitsitsa yekha, sakanadziwa kuti uBlock Origin iliko. Chifukwa china n'chakuti gawo lalikulu la ndalama za Mozilla limachokera ku Google, imene imalipira kuti ikhale malo ofufuzira oyamba mu Firefox. Komanso mu Febuluwale 2025 Mozilla inatulutsa malamulo atsopano a kagwiritsidwe ntchito amene anadandaulitsa anthu ambiri, mpaka inakonzanso mawu ena. Sindikunena kuti ndi akuba. Ndikungoti mlonda amene malipiro ake amachokera kwa mwini malonda uyenera kumamuyang'anitsitsa. Ife malo ofufuzira tinasintha n'kuika DuckDuckGo, ndi nkhani ya kudina kangapo basi.

Tsopano ndifike pa chimene ndikufuna anzanga amve bwino, chifukwa nanenso poyamba ndinkaganiza kuti ndabisala kwa aliyense. Firefox imateteza zimene zikuchitika mkati mwake mokha. Ukatsegula pulogalamu ya Facebook kapena ya TikTok, watuluka mu mpanda wake. Ndipo kachigoba kofiirira kotsegulira tsamba lachinsinsi kamangoletsa tabuleti kusunga mbiri. Kampani ya netiweki imadziwabe masamba amene walowa, ndipo SIM yako inalembetsedwa ndi NRC yako, chitupa cha unzika, monga limafunira bungwe la ZICTA loyang'anira za mafoni ndi intaneti.

Mwezi wathawu ndinalandira foni kuchokera kwa munthu wosamudziwa, wamwano, akuti ndiuze mnansi wanga abweze ngongole apo ayi amuchititsa manyazi kwa onse omudziwa. Mayiyo anakongola ndalama zochepa pa pulogalamu ina ya kaloba ya pa foni. Poiika, inamupempha chilolezo choona manambala onse a m'foni mwake, iye n'kudina kuvomera chifukwa mwana anali m'chipatala. Nambala yanga inapita mmenemo. Ine sindinakongole, sindinavomere kalikonse. Palibe browser imene ikanaletsa zimenezi. Pamenepa pafunika lamulo.

Lamulolo lilipo. Ndi Data Protection Act, nambala 3 ya 2021. Limati wotenga zinthu zokhudza munthu akhale ndi chilolezo chake kapena chifukwa china chovomerezeka, ndipo azigwiritse ntchito pa cholinga chimene anazitengera. Limakupatsa ufulu wofunsa zimene akusunga zokhudza iwe, wouza kuti akonze zolakwika, ngakhale kuti afufute. Nkhani za umoyo, monga shuga ya amayi, limaziika m'gulu lofuna chisamaliro chapadera. Linakhazikitsanso ofesi ya Data Protection Commissioner yolandira madandaulo. Ndinafunsa azimayi 11 a m'chilimba changa ngati anamvapo za ofesiyi, palibe ndi mmodzi yemwe. Ku Ulaya lamulo lawo lofanana ndi limeneli, la GDPR, linayamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018, ndipo makampani akuluakulu alipitsidwa kale chindapusa cha ndalama zankhaninkhani. Timabokosi tofunsa za ma cookie timene timatitchingira masamba tija n'chifukwa cha malamulo a kumeneko. Kuno ndikufuna kumva pa wailesi, m'Chinyanja, m'Chibemba, m'Chitonga, kuti munthu wochitiridwa ngati mnansi wanga apite kuti, anyamule chiyani.

Malamulo amene timawamva kwambiri ndi ena. Mu Epulo 2025 Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act, m'malo mwa lamulo la 2021 la nthawi ya Edgar Lungu. Ofesi ya kazembe wa America inachenjeza nzika zake kuti malamulowa amatsegula njira yomvetsera mauthenga a anthu, ndipo bungwe la maloya la Law Association of Zambia nalo linawatsutsa. Boma linayankha kuti cholinga si kuzonda anthu wamba, ndipo kumvetsera kumafuna chilolezo cha khoti. Ine akuba a pa mobile money ndimadana nawo ngati wina aliyense, anandiberapo mnzanga ndalama za oda yathunthu, ndipo ndikufuna agwidwe. Koma ndikukumbukiranso pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la chisankho, WhatsApp ndi Facebook zitasiya kugwira, mpaka bungwe lomenyera ufulu wa anthu la Chapter One Foundation linakasuma ku High Court. Tsiku limenelo sindinathe kutumiza uthenga ku Katete. Amene ali ndi mphamvu pa mawaya angathe kutseka, angathenso kumvetsera, choncho ndikufuna kuti khama limene boma likuika pa malamulo oyang'anira anthu liikidwenso pa lamulo lotiteteza kwa makampani.

Kodi ndingauze mnzanga kuti aike Firefox? Inde, makamaka ngati tabuleti kapena foni yanu imagwiridwa ndi ana, ngati bandulo mumagula ya pa mlungu, kapena ngati pakhomo pali wokalamba wa maso ofooka. Itsitseni pa Wi-Fi, onjezerani uBlock Origin tsiku lomwelo, yatsani HTTPS-Only Mode, imene imayesa kutsegula tsamba lililonse pa njira yotetezedwa, ndipo pitani m'ma Settings a tabuleti mukaone mapulogalamu amene munawalola kuona manambala, zithunzi ndi malo amene muli. Ife titayang'ana tinapeza kapulogalamu ka tochi kali ndi chilolezo choona manambala onse. Tinakachotsa. Azimayi atatu a m'chilimba abweretsa kale mafoni awo, ndipo Lamlungu likubwerali mwana wa mkulu wanga abweranso kudzawakonzera, ine ndamulonjeza nsima ya nkhuku yachikuda.