Anatilipiritsa polowera paki yaulere, koma basi yawo inadikira malume

Amene mukuganiza zolipira ulendo wa Loweruka uja wa kampani ya maulendo a pa basi, wochokera ku Philadelphia kupita ku Knoebels, paki ya masewera ya ku Elysburg m'chigawo cha Pennsylvania, wa madola 95 pa mutu uja, yambani mwawerenga lisiti lanu bwinobwino. Pa langa analembapo zinthu zitatu: basi, nkhomaliro ndi polowera. Polowera pokha madola 25, ndipo ife tinalipo asanu. Titafika ku Elysburg ndinaponya maso uku ndi uku kusaka geti loti tionetsepo mapepala athu, geti lake osaoneka. Kulibe. Umangotsika galimoto, n'kuyenda pansi pa mitengo, walowa kale. Poimika galimoto salipiritsa, polowa salipiritsa, ngakhale kubwera ndi poto wako wa mpunga n'kukhala pa tebulo palibe amene angakuletse. Umagula matikiti a chokhacho chimene ukufuna kukwera. Banja la a Knoebel linatsegula malowa mu 1926, likuwayendetsabe mpaka lero, ndipo chimene amatchuka nacho ndi ulere womwewu. Ndiye kampani imene imapita kumeneko sabata ndi sabata isandiuze kuti sikudziwa.

Nditamufunsa mkulu amene ankatiyang'anira m'basi uja, anandiyankha maso ali pa foni kuti ndalamayo ndi ya "makonzedwe". Makonzedwe ake ati? Basi inanyamuka mochedwa ndi ola lathunthu, makina oziziritsa mpweya anafera panjira, nkhomaliro inali buledi wouma wopana kachidutswa ka nyama ndi botolo la madzi ofunda. Tinafika 1 koloko itadutsa, iye n'kulengeza kuti ikamakwana hafu pasiti 5 aliyense akhale ali pa mpando wake, wochedwa adzaona yekha chochita.

Ndinali ndi mayi akunyumba, ana awiri ndi malume anga amene abwera kudzaona adzukulu miyezi yotentha ino. Malume ndi kalipentala, akhala akupala matabwa ku Dedza kuyambira ndisanabadwe, ndipo ndalama saseweretsa. Atamva za madola 25 aja anayamba kuwerengera m'makwacha chamumtima, nkhope n'kusintha, n'kukakhala pa benchi chipewa chili pa bondo. "Zimenezi n'za ana, iwe. Pitani, mundipeza pompano." Ana anathamangira ku Phoenix, chisitima chamatabwa chija chimene anachiphwasula ku San Antonio, Texas, n'kudzachimanganso kuno mu 1985. Akuti n'chabwino. Ine sindinakwere, ndiye sindinenapo kanthu.

Chimene chinawadzutsa malume pa benchi ndi limba. Pakati pa paki pali Grand Carousel, chozungulira chachikulu cha mahatchi osema, ndipo nyimbo zake sizichokera m'sipika. Limba lake lalikulu linapangidwa ndi kampani ya Frati ku Berlin mu 1888. Mvukuto umapopa mpweya m'zitoliro, pepala lalitali lobooledwa timabowo likamapita ndi limene limauza chitoliro chilichonse nthawi yolira, ng'oma n'kumadzimenya zokha palibe wozigwira. Pali lina laling'ono la a Bruder a ku Waldkirch, ku Germany, lomwe limawerenga mabuku a makatoni opindapinda. Phokoso lake n'lalikulu, limamveka mpaka m'chifuwa, ndipo amene muli ndi khanda losachedwa kudzidzimuka muimire pataliko. Malume anayenda okha kulondola kumene kunkachokera phokosolo. Ndinawapeza ataima pa mpanda, manja kumbuyo, mutu ukutsatira hatchi imodzi mpaka yazungulira n'kubweranso.

"Tagula tikiti," anatero. "Sikuti ndikufuna kusewera ayi. Ndikufuna ndiigwire."

Tikiti yake ndi ya madola osafika asanu. Titakwera pa thabwa lozungulira lija, anthu akuthamangira kusankha mahatchi, iwo anawerama n'kugogoda mimba ya hatchi ndi mfundo ya chala, khutu atatchera. "M'katimu mulibe kanthu. Ndi bokosi ili." Ananena zoona. Amisiri a nthawi imeneyo sankasema hatchi kuchokera ku chipika chimodzi. Ankamata matabwa a mtengo wofewa, kawirikawiri wa basswood, n'kupanga thupi la mphako, mutu ndi miyendo n'kuzisema padera, kenaka n'kulumikiza ndi guluu ndi zikhomo zamtengo. Malume anati chipika chathunthu chikanalemera kwambiri ndipo chikanang'ambika pouma. Anayendetsa chikhadabo m'khosi mwa hatchiyo mpaka anapeza mzere wa polumikiza pansi pa penti, n'kundionetsa ndi chimwemwe cha munthu amene wagwira mnzake chinsinsi. Anasisita manyenje osemedwa mokhala ngati mphepo ikuwaulutsa, mitsempha ya pa mphuno, mano ndi lilime m'kamwa moyasama, malamba a chishalo omwe ukawaona patali ungati ndi chikopa pamene ndi mtengo womwewo. Kenaka anazungulira mbali inayo ya hatchi n'kuseka. Mbali yoyang'ana kunja, kumene kumaima anthu oonerera, ndi imene ili ndi zokongoletsa zonse. Yam'kati anangoidutsa mwachidule. "Ameneyu anali mmisiri weniweni. Ankadziwa kumene kasitomala amaima. Nanenso kumbuyo kwa kabati sindipakako vanishi."

Mmisiri amene ankamuyamikirayo ndi Charles Carmel, wobadwira ku Russia, yemwe anali ndi shopu yake ku Brooklyn pafupi ndi Prospect Park, kumene kunali makola a mahatchi oti aziwaona amoyo asanawaseme. Mahatchi a pano alipo 63, m'mizere inayi, kuphatikiza ngolo zitatu za amene safuna kukwera pamsana. Makina ake anawamanga a kampani ya Kremer ku Long Island City mu 1913, ndipo a Knoebel anawagula ku New Jersey kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, nkhondo yachiwiri ili mkati. Carmel mwiniwake sanapeze nazo chuma. Anaika ndalama zake pa carousel yakeyake ku Dreamland, ku Coney Island, ndipo mu 1911 pakiyo inapsa yonse usiku woti m'mawa mwake atsegule nyengo ya chaka chimenecho. Nditawafotokozera malume zimenezi anangopukusa mutu. Moto wa m'shopu ya matabwa sachita kuwafotokozera.

Kuyambira zaka za m'ma 1880 kufika cha m'ma 1930, ku America kunasemedwa ma carousel amatabwa masauzande angapo. Otsala akuzungulirabe safika 200. Ena anapsa, ena anaola, mavuto a zachuma a m'ma 1930 anatseketsa mafakitale ake, ndipo atsopano anayamba kuwaumba ndi aluminiyamu ndi fibreglass. Chimene chinamaliza ambiri ndi msika wa m'ma 1970 ndi 1980, pamene eni mapaki anaona kuti kugulitsa mahatchi imodziimodzi kwa anthu okongoletsera m'nyumba kukubweretsa ndalama zoposa kugulitsa makina athunthu. Ya ku Knoebels yapulumuka zonsezo, ndi madzi omwe, poti pakiyi ili m'chigwa cha mitsinje ndipo inasefukira mu 1972 komanso mu 2011. Ndiye ine ndinkayembekeza chingwe chotchinga ndi chikwangwani choti osagwira. Palibe. Ana a manja onata ndi ayisikilimu akukwera hatchi ya zaka zoposa 110, kuikumbatira m'khosi, kuimenya zidendene. Pamenepo mkwiyo wanga unayamba kutsika ndisakufuna.

Tsopano nkhani ya mphete, imene yandichititsa kulemba zonsezi.

Ma carousel a ku America amazungulira mosemphana ndi mivi ya wotchi, a ku England amatsata wotchi. Ndiye kuno dzanja lamanja ndi limene limakhala kunja. Pambali pali chimkono chachitali chodzaza mphete, ndipo makina akafika pa liwiro lake amachitambasulira kwa okwera mzere wakunja. Kumapeto kwake kumasuzumira mphete imodzi. Ukaikola ndi chala, ina imatsetsereka kulowa m'malo mwake. Zonse n'zachitsulo kupatula imodzi yamkuwa, ndipo woigwirayo amakweranso ulele. Kale masewerawa anali ponseponse, lero mapaki ambiri anasiya poopa ngozi ndi milandu, atsala owerengeka. Mahatchi a mzere wakunja sakwera n'kutsika, amangoima nji, am'kati ndi amene amadumpha. Malume anali pa yakunja chifukwa ndi imene inali ndi zosema zambiri, za mphete sankazidziwa n'komwe.

Ulendo woyamba anangoonerera. Atatsika anati, "Gula ina." Apa n'kuti 5 koloko itadutsa, foni yanga yayamba kunjenjemera m'thumba, mkulu wa m'basi uja. Ulendo uwu anakhala mowongoka, dzanja lamanzere pa mtengo wachitsulo wa hatchi, lamanja lili m'mwamba chala chamkombaphala atachipinda. Poyamba anakwapula mphepo. Pobwera anakola, n'kuitsetsereza ku chala chachikulu. Kenaka sanaphonyenso. Munthu amene wakhala akutola misomali pa benchi osayang'ana kwa zaka makumi, diso ndi chala zimamvana. Ine ndinali pa hatchi yam'kati pambali pawo, ndikukwera n'kutsika, foni ikulira, limba likugunda. Ndinaiona yamkuwa ija itasuzumira, yachikasu pakati pa zotuwa. Mtsikana amene anali patsogolo pathu anaikhudza ndi nsonga ya chala, inagwedera koma sinachoke, iye n'kukuwa mokhumudwa. Malume anapendekera kunja mpaka ndinagwira jekete lawo, chipewa chinauluka n'kukagwera pa mpanda, ndipo pamene ankabwerera pa chishalo inali pa chala.

"Ndaigwira! Iwe, ndaigwiratu!"

Sindinawamvepo akukweza mawu chonchi ngakhale pa ukwati. Anthu oima pa mpanda anaomba m'manja, bambo wina anatola chipewa chija n'kumachigwedeza m'mwamba nthawi iliyonse tikadutsa. Zachitsulo zija umaziponya m'kamwa mwa chithunzi cha mkango chimene chili pambali, ndipo malume anaponya zawo zonse pamodzi, palibe ndi imodzi yomwe imene inalowa, iwo osasamala. Makina ataima kunabwera mnyamata wogwira ntchito pamenepo, waulemu kwambiri, kudzatenga mphete ija. Malume anaifumbata. "Ndiye ndibweze? Mkuwa weniweni uwu." Ndinawamasulira kuti mphete imatsala, iwo alandira matikiti. Mnyamatayo sanawafulumize. Anawasiya aitembenuze, aiyeze kulemera pa chikhatho, ndiwajambule, kenaka anailandira ndi manja awiri poona mmene iwo anaiperekera.

Nthawi n'kuti itatsala mphindi ziwiri kukwana hafu pasiti 5, ndipo kumene inaima basi n'kotalikirako ndithu.

"Malume, basi itisiya."

"Chaulere chenicheni cha lero ndi chimenechi. Uwauze adikire."

Anasankha hatchi yodumpha ya mzere wachitatu, adzukulu awo uku ndi uku, n'kukwera ulendo wawo waulere mwaufumu, osathamangira kanthu. Ine ndinayankha foni ija ndili pa mpanda, limba likulira kumbuyo kwanga, n'kumuuza mkulu uja kuti tachedwa ndi makonzedwe.

Apa ndiyenera kunena chilungamo. Basi sinatisiye. Mkulu uja ankafuna inyamuke, koma dalaivala, munthu wachikulire wofatsa, anakana kuliza injini mipando isanu ilibe anthu, ndipo anayendetsa bwino popita ndi pobwera pomwe. Titalowa, mkulu uja anayamba kutilalatira, malume anangomupatsa moni mwaulemu n'kukhala pansi. Ana atafotokoza zimene zachitika, basi yonse inaseka, poti aliyense anali atazindikira kale za madola 25 aja. Ndiponso n'zoona kuti malo amenewa ndinawamva koyamba pa chilengezo cha kampani yomweyi. Ndinakhala pansi kuti pa ndemanga ino ndiipatse kampaniyi nyenyezi imodzi, ndapereka zitatu. Imodzi ndi ya dalaivala, ziwiri ndi za mahatchi, ofesi yawo isatengepo kalikonse.

Chimene chikundiwawabe n'chakuti maola anayi sakwanira. Pali kanyumba kosungirako zosema zakale za ma carousel, kolowa ulele, komwe malume akanakhalamo tsiku lonse, ife tinangosuzumira pakhomo. Pali carousel ina yaing'ono kumalo a ana, ya amisiri Stein ndi Goldstein, sitinaifike. Ofuna mphete, dziwani kuti mahatchi akunja amayamba kutha, ndiye mukaona kuti mwatsalira kumapeto kwa mzere lolani ena adutse kuti mukhale oyamba ulendo wotsatira. Chotsani mawotchi ndi zibangili, ndipo kolani ndi chala chimodzi, osati kufumbata ndi dzanja lonse.

Lolemba ndinawalembera a kampani kupempha madola 125 athu a polowera. Anandiyankha ndi uthenga wothokoza chifukwa chosankha kuyenda nawo, n'kundilonjeza kuti adzandichotserako 10 peresenti pa ulendo wotsatira. Ndawalemberanso, ndaika chithunzi cha lisiti, sanayankhe. Malume asanabwerere kumudzi tipitanso, koma pa galimoto ya hayala. Kuchokera ku Philadelphia ndi maola osapitirira atatu, ndipo mafuta ndi hayala ya tsiku limodzi sizifika theka la zimene tinawapatsa anthu amenewa.